Mawu Awiri a pa Zobue

Aphunzitsi a Chimbalanga, odutsa malire Lachiwiri lililonse
ndi choko m'thumba la jekete,
analemba mawu awiri pachitseko cha tchalitchi
poti bolodi inatha ndi chiswe:
wait
hope.
Akuti sabata yamawa tidzanene kusiyana kwake.

Ine Felisberta ndinaseka.
Kusukulu ya boma, m'Chipwitikizi, awiriwa ndi mwana mmodzi,
esperar, palibe anam'ng'ambapo pakati.
Kwathu nako timangoti kuyembekeza.
Nanga Angelezi anawalekanitsa bwanji
amapasa oyamwa bere limodzi?

M'mawa ndinawasenza mawuwo kupita nawo kumsewu
pamwamba pa chidebe cha kachewere.
Malole anali ndandanda mpaka kuseri kwa phiri,
madalaivala atayala makatoni kunsi kwa matayala.
Wina wadazi, wa ku Harare,
ndinam'funsa chomwe akuchita pamenepo.
Analoza ofesi ya kasitomu ndi chibwano:
wait.
Pepala lake lili patebulo la munthu,
nambala yake ndi yachisanu ndi chinayi,
chidindo chigwa ndithu, kaya masana kaya mawa.

Ndinalemba pachikutiro cha kope:
wait amavala wotchi.
Amadziwa dzina la chimene chikubwera.
Amakhala pabenchi mpaka matako kuchita dzanzi,
amagula chimanga chootcha kuti dzuwa lipendeke.
Ngakhale mbuzi yomangidwa pachikhomo imam'dziwa.

Mnzakeyo ndinam'peza madzulo, osam'funa.
Mai a Zefa, oyandikana nafe,
anali kuponya mbewu m'dothi lotentha ngati phulusa,
kumwamba kuli mbee, kopanda ndi kamtambo komwe.
Palibe anawapatsa nambala.
Palibe ofesi yoti akagogode.
Anakwirira ndi chidendene, nasuntha, nakwiriranso.
Ndinati ameneyu ndiye hope:
alibe lisiti,
sakhala pansi,
ndipo ukam'funsa tsiku amayang'ana kumbali.

Usiku ndinawaika onse awiri pamphasa
pafupi ndi mimba yangayi.
Amayi a kusikelo amanditcha woyembekezera,
mawu amodzi, ndipo amakwana.
Koma tsopano ndikuona msoko wake.
Miyezi ndikuwerenga pazala, Febuluwale afika ndithu,
ameneyo ndi wait.
Kuti adzatuluke akulira, zala zonse zilipo,
kuti ine ndidzadzuke pabedi lachitsulo lija,
zimenezo wotchi sizidziwa.

Ndiye pali Armindo.
Anakwera basi ya ku Joni mu Juni,
nati Novembala asanathe abwera ndi malata.
Ndinachita wait bwinobwino, ngati mwana wasukulu,
kuchonga masiku pakalendala ya kugolosale.
Mu Ogasiti foni yake inayamba kuyankhidwa ndi mzimayi wa makina.
Novembala anadza, napita ndi ngumbi zake.
Tsiku likadutsa, wait amatha ngati sopo,
umatsala ndi kachidutswa kosagwirika.
Chimene chimandidzutsabe galu akauwa kumsewu
ndi mnzake uja.

Ndaonanso kuti amatha kuyenda payekhapayekha.
Custódio wakatapila ndimam'chitira wait Loweruka lililonse,
mtima uli gwa, wopanda hope ngakhale wa tambala imodzi.
Ndipo hope ndimapita naye kumjigo,
ndimachapa naye, ndimatsatsa naye malonda,
osaima n'komwe.

Lachiwiri aphunzitsi anandiloza ndi choko.
Ndinaimirira, dzanja kumsana.
Ndinati: wait ndi wa basi,
hope ndi wa munthu amene atsikemo.

Anakanda ndevu, nati m'buku mulibe zimenezo.
Anyamata akumbuyo anaseka.
Koma sanafufute chitseko tsiku limenelo,
ndipo pansi pa mawu awiri aja
anajambula kabasi kokhota matayala.

Lachinayi basi ya ku Joni imaima pano cha m'ma teni.
Ndimaika chidebe changa moyang'anana ndi khomo lake.
Amene amatsika kudzawongola miyendo
amagula bwino kachewere.
Ndi chifukwa chake ndimakhala pamenepo,
mukandifunsa.